Kodi Baibulo Likunenadi Zimenezo? Mafunso Omveka m'Makwalala a Blantyre

Ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ngakhale ku Machinjiri, Baibulo silisowa. Limalalikidwa m'minibasi, pamsika, pamaliro, pa wailesi m'bandakucha, ndi m'makalasi a pulaimale amene Lamulungu amasanduka matchalitchi. Chosowa ndi nthawi yokhala pansi n'kuwerenga mutu wonse. Ambirife timalandira vesi limodzi lodulidwa kumutu ndi kumchira, ndipo vesi lomwelo limatilanda ndalama ya lendi, limatisiyitsa mankhwala, kapena kutidanitsa ndi m'bale wathu wopemphera tsiku lina. Mafunso otsatirawa ndi amene anthu amafunsadi. Ndawayankha monga Mkhristu, ndipo pamene mipingo imasiyana ndanena poyera kuti imasiyana.

Mabaibulo a Chichewa alipo angapo ndipo mawu ake safanana. Lenileni ndi liti?

Onsewo ndi omasuliridwa. Chipangano Chakale chinalembedwa m'Chiheberi, kupatula zigawo zochepa za m'Chiaramu, ndipo Chatsopano chinalembedwa m'Chigiriki. Buku Lopatulika, limene agogo athu analoweza pamtima, linatuluka lathunthu mu 1922. Ntchitoyo anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, mothandizana ndi Alexander Hetherwick wa mishoni ya Blantyre komanso aphunzitsi a kuno kwathu. Akatolika anatulutsa lawo, Malembo Oyera, mu 1966. Kenaka Akatolika ndi mipingo ina anakhalira pamodzi n'kutulutsa Buku Loyera mu 1998, m'Chichewa cha masiku ano. Ngati ndime yakuvutani m'Baibulo lina, iwerengeni m'linzake. Nthawi zambiri kuvutako kumathera pomwepo.

Baibulo la Akatolika lili ndi mabuku 73, la mipingo ina 66. Kusiyanaku kuli m'Chipangano Chakale mokha: Akatolika anasunga mabuku ngati Tobiti, Yuditi ndi awiri a Amakabeo, amene anali m'Baibulo la Chigiriki la Akhristu oyamba, pamene okonzanso mpingo a m'zaka za m'ma 1500 anatsata mndandanda wa Ayuda. Mabuku 27 a Chipangano Chatsopano ndi amodzimodzi konsekonse.

Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti manambala a mitu ndi mavesi anabwera mochedwa kwambiri. Mitu anaigawa Stephen Langton wa ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anawaika Robert Estienne mu 1551. Paulo polembera Akorinto analemba kalata, ndipo iwo anaimva yonse kuyambira moni mpaka kutsanzika.

Abusa athu akuti wosapereka chakhumi akubera Mulungu ndipo ndi wotembereredwa. Ine ndimagulitsa tomato, mpamba wake ndi ngongole ya banki mkhonde. Nditani?

Mayi, vesi limene akuwerengerani ndi Malaki 3:8-10, ndipo lilipodi. Koma yambirani pa mutu woyamba. Mbali yaikulu ya buku la Malaki ikudzudzula ansembe amene ankanyoza guwa ndi kupotoza malamulo, ndipo pa 3:5, mavesi atatu okha lisanafike lija la chakhumi, Mulungu akuchenjeza anthu obera antchito malipiro awo ndi opondereza amasiye. Vesi limeneli silimveka kawirikawiri pa nthawi ya zopereka.

Tsono chakhumicho chinali chiyani? Pa Numeri 18 chinali cha Alevi, chifukwa iwo sanalandire minda pogawa dziko. Pa Deuteronomo 14:22-27 mwini wake ankapita nacho ku malo opembedzera n'kudya pamodzi ndi banja lake mokondwera. Pa mavesi 28 ndi 29, chaka chachitatu chilichonse chakhumi chinkasungidwa m'mudzi momwemo kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye. Mwaonatu: m'malamulo a Mose, mayi wamasiye anali m'gulu la olandira chakhumi. Mpingo umene umatenga kwa wamasiye osam'bwezera kanthu wasunga theka la lamulo n'kutaya theka linalo.

M'Chipangano Chatsopano mulibe pamene atumwi analamula mipingo ya anthu a mitundu ina kupereka gawo limodzi mwa magawo khumi. Paulo pa 2 Akorinto mutu 8 ndi 9 akuphunzitsa kupereka mowolowa manja, monga munthu watsimikizira mumtima, molingana ndi zimene ali nazo, popanda kukakamizidwa, ndiponso osati kuti ena apeze mpumulo opereka n'kutsala pa moto. Pa 1 Timoteyo 5:8 akudzudzula mwamphamvu munthu wosasamala a m'nyumba mwake.

Ena akukumbutsani za mayi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri (Maliko 12:41-44). Yesu anayamikiradi mtima wake. Koma vesi la 40, lotsogolera nkhaniyo, likudzudzula atsogoleri achipembedzo olanda nyumba za amasiye kwinaku akupemphera mapemphero ataliatali. Nkhani ziwirizi Maliko anaziika moyandikana, ndipo tiziwerenge moyandikana.

Sindikuti musapereke. Tchalitchi chimafuna malata, magetsi ndi madzi, ndipo pa 1 Akorinto 9 Paulo akuti wotumikira uthenga ayenera kudya za ntchito yakeyo. Mipingo yambiri imaphunzitsa chakhumi ngati muyeso wabwino, ndipo amene amachipereka mokondwera asaleke. Koma mpamba wa ngongole si phindu lanu. Bwezani ngongole, dyetsani ana, perekani pa zimene mwapindula, ndipo musapite kwa akatapila chifukwa choopa temberero. Muli nawonso ufulu wofunsa kuti zoperekazo zikupita kuti. Paulo yemwe anayenda ndi anthu osankhidwa ndi mipingo ponyamula chopereka, kuti pasakhale womunena.

Nanga "kubzala mbewu" kwa mneneri, kapena kugula madzi ndi mafuta odzozedwa?

Apa ndiye sindizengereza. Pa Machitidwe 8, Simoni wa ku Samariya anatulutsa ndalama kuti agule mphamvu ya Mzimu, ndipo Petro anam'dzudzula koopsa. Pa 2 Mafumu 5, Elisa anakana mphatso za Namani atachira khate. Gehazi, mnyamata wake, anathamangira mphatsozo mobisa ndipo khatelo linagwera iye. Yesu potuma ophunzira pa Mateyu 10:8 anawalamula kupereka ulere zimene analandira ulere. M'fanizo la wofesa, mbewu ndi mawu a Mulungu (Luka 8:11), osati ndalama. Kudzoza wodwala mafuta kulipo pa Yakobo 5:14, koma akulu a mpingo ndiwo amapita kwa wodwalayo, ndipo palibe mtengo wotchulidwa. Munthu wokulipiritsani kuti mukumane naye maso ndi maso akuchita malonda.

Namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri ku Chilobwe. Kodi chinali chilango cha Mulungu?

Funsoli limapweteka chifukwa olimva ndi anthu amene anafukula ana awo m'matope. Mu Malichi 2023 mvula inagwa masiku angapo osaleka, matope ndi miyala zinatsika kuchokera m'phiri la Soche usiku, ndipo m'chigawo cha kumwera anthu mazanamazana anafa, ena osapezeka mpaka lero. Pasanapite nthawi panamveka olalika kuti mzindawu unachimwa.

Yesu anayankhapo funso lofanana ndendende. Pa Luka 13:1-5 anatchula anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, n'kufunsa ngati iwowo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti ayi, ndipo anatembenuzira nkhaniyo kwa amoyo, kuti iwo ndiwo alape. Pa Yohane 9 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, iye kapena makolo ake. Yesu anakana zonse ziwiri. Anzake a Yobu anatha mitu yambirimbiri akumuuza kuti mavuto ake ndi malipiro a tchimo lobisika, koma pa Yobu 42:7 Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu.

Inde, m'Baibulo muli chigumula cha Nowa ndi moto wa ku Sodomu. Koma m'nkhani zimenezo Malemba eni ake ndiwo akunena chifukwa chake. Za Chilobwe palibe amene analandira mawu otero. Chimene tikudziwa n'chakuti matope sanasankhe ochimwa, anatsata chigwa. Anafa ndi anthu amene anamanga m'mbali mwa phiri ndi m'mphepete mwa mitsinje chifukwa malo abwino mumzinda muno ndi okwera mtengo, pansi pa mapiri amene mitengo yake inatha kale ndi nkhuni ndi makala. Amene anakula akuona phiri la Ndirande lili ndi nkhalango akudziwa zimene ndikunena. Ngati pali kulapa kofunika, n'kwa ife tonse amene timalola kuti wosauka asowe pomanga, ndi olamulira amene amaona nyumba zikukwera phiri osapereka malo ena. Kuuza mayi woferedwa kuti Mulungu anam'langa n'kumuika m'manda kachiwiri.

Anandipempherera ndipo akuti ndachira. Ndisiye ma ARV kusonyeza chikhulupiriro?

Musasiye, m'bale wanga. Mankhwalawa, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004, amachepetsa kachilombo mpaka makina oyezera osakaona, koma sikuti kachoka m'thupi. Mukasiya kamachulukanso, ndipo kangathe kuyamba kupirira mankhwala amene ankakuthandizani. Chimodzimodzi mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu ndi a chifuwa chachikulu: osasiya popanda dokotala.

Malemba sadana ndi mankhwala. Luka, wolemba Uthenga Wabwino, anali sing'anga (Akolose 4:14). Yesaya, atapereka kale lonjezo la Mulungu lakuti Hezekiya achira, analamulabe kuti apake nkhuyu pa chithupsa chake (Yesaya 38:21). Paulo analangiza Timoteyo za chomwa cha m'mimba mwake modwaladwala, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo iye mwini anapempha katatu kuti vuto la m'thupi mwake lichoke koma silinachoke. Akhate atachira, Yesu ankawatumiza kwa ansembe, amene panthawiyo ndiwo ankayeza khate, kuti akatsimikize.

Ndipo kumbukirani Mateyu 4. Satana anauza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Kachisi, n'kum'werengera Salimo 91 ngati umboni. Vesilo linali loona, koma ntchito yake inali yakupha, ndipo Yesu anakana kuyesa Mulungu. Pempherani, imwani mankhwala, pitani ku Queens kapena ku chipatala cha m'dera lanu pa tsiku lanu.

Kodi katemera ndi chizindikiro cha 666?

Mantha amenewa anafala pa WhatsApp nthawi ya Covid-19. Katemera atafika mu Malichi 2021 ambiri anam'thawa, ngakhale kuti a Lazarus Chakwera, amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zambiri asanalowe ndale, anabayitsa anthu akuona. Mu Meyi chaka chomwecho boma linatentha katemera pafupifupi 20,000 amene anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito.

Chivumbulutso chinalembedwera mipingo isanu ndi iwiri ya ku Asiya imene inali pansi pa ufumu wa Roma, kumene mfumu inkapembedzedwa ngati mulungu. Pa mutu 13 chizindikirocho chikuyendera limodzi ndi kupembedza chilombo. Munthu amachilandira posankha mbuye wina m'malo mwa Khristu. Wolembayo akuti nambalayo ndi ya munthu, ndipo akuuza owerenga ake kuti aiwerengetsere. M'Chiheberi ndi m'Chigiriki zilembo zinkaimiranso manambala, ndipo akatswiri ambiri amaona kuti dzina la Nero Kaisara, mfumu imene inazunza Akhristu ku Roma, likalembedwa m'zilembo za Chiheberi limakwana 666. Akhristu ena amakhulupirira kuti ulosiwu udzakwaniritsidwanso mtsogolo. Ngakhale mutatsata iwowo, mfundo ya kupembedza siisintha. Palibe amene amakana Yesu pobayitsa mwana katemera wa chikuku.

Tsiku lenileni lopembedza ndi liti, Loweruka kapena Lamulungu?

Mkanganowu ndi wakale kuno kwathu. Joseph Booth, amene anafika mu 1892 n'kuyambitsa mishoni ku Mitsidi kufupi ndi Blantyre, pambuyo pake anatsata Sabata, ndipo malo ake a ku Thyolo ndiwo anasanduka mishoni ya Seventh-day Adventist mu 1902, imene pambuyo pake inatchedwa Malamulo.

A Sabata ali ndi mfundo zolemera: Sabata la pa Eksodo 20 ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri, Yesu ankalisunga, ndipo palibe vesi lolamula mwachindunji kuti lisinthidwe. Opembedza Lamulungu nawo ali ndi zawo: Yesu anauka tsiku loyamba la sabata, Akhristu a ku Trowa anasonkhana kunyema mkate tsiku limenelo (Machitidwe 20:7), Akorinto anauzidwa kupatula chopereka tsiku lomwelo (1 Akorinto 16:2), ndipo msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15 sunaike Sabata pa zimene anthu a mitundu ina anayenera kusunga. Zakuti Constantine ndiye anayambitsa kupembedza Lamulungu sizoona. Lamulo lake la mu 321 linapanga tsikuli kukhala lopuma, koma Justin Martyr anali atalemba kale cha m'ma 150 kufotokoza mmene Akhristu ankasonkhanira Lamulungu.

Ine ndimaima pa Aroma 14:5-6 ndi Akolose 2:16, pamene Paulo akuletsa kuweruzana pa nkhani ya masiku. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti tikulimbana za tsiku, tayiwala kuti lamulo la Sabata likutchula wantchito. Mtsikana wantchito za m'nyumba amene amatsala akuchapa ndi kuphika banja lonse lili ku tchalitchi, kaya Loweruka kaya Lamulungu, ndiye amene lamulolo linafuna kum'teteza.

Mbewa, mlamba ndi nkhumba n'zoletsedwa?

Pa Levitiko 11 zonse zitatu n'zodetsedwa kwa Aisraele: nkhumba chifukwa siibzikula, mlamba chifukwa ulibe mamba, ndipo mbewa yatchulidwa pa vesi la 29. Dzombe ndi lololedwa. A Sabata amasungabe malamulowa. Mipingo ina imawerenga Maliko 7:18-19, pamene Yesu akuti chodetsa munthu chimachokera mumtima, ndi Machitidwe 15, n'kuona kuti malamulo a zakudya sanamangidwe pa Akhristu a mitundu ina. Uphungu wa Aroma 14 ndi wakuti wodya asanyoze wosadya, wosadya asaweruze wodya. Mlendo wa Sabata akabwera kwanu, m'phikireni chambo.

Kodi mkazi wovala buluku wachimwa?

Vesi lake ndi Deuteronomo 22:5, loletsa mkazi kuvala za amuna ndi mwamuna kuvala za akazi. Nthawi imeneyo amuna ndi akazi omwe ankavala mikanjo, osati mabuluku. Mutu womwewo ukulamula kumanga kampanda pa denga la nyumba ndipo ukuletsa kuvala nsalu yosakaniza ubweya ndi thonje, zimene palibe akuzitsata. Kuno kwathu nkhaniyi inakula chifukwa cha lamulo la boma la mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, limene linatha pobwera matipate. Ambiri anakula nalo mpaka kuliyesa la m'Baibulo. Mpingo ungathe kukhala ndi kavalidwe kake, ndipo kudzilemekeza n'kofunika kwa amuna ndi akazi. Koma kuvula mkazi pamsika chifukwa cha chovala ndi nkhanza komanso mlandu, ndipo palibe vesi lokuikirani kumbuyo.

Mkazi angalalike kapena kukhala mbusa?

Apa mipingo yowerenga Baibulo mwakhama imasiyana. Okana amaima pa 1 Timoteyo 2:11-12 ndi 1 Akorinto 14:34-35, ndipo Akatolika amawonjeza kuti Yesu anasankha atumwi aamuna. Ovomera amati mavesi amenewa ankakonza chisokonezo cha ku Efeso ndi ku Korinto, chifukwa m'kalata yomweyo, pa 1 Akorinto 11:5, Paulo akulankhula za akazi opemphera ndi kunenera mumpingo osawaletsa. Amatchulanso Debora amene anaweruza Israele, Hulida amene nduna za mfumu Yosiya zinakafunsako mawu a Mulungu, Prisila amene pamodzi ndi mwamuna wake anaphunzitsa Apolo, Febe mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndi Mariya wa ku Magadala amene anatumidwa koyamba ndi uthenga wa kuuka. Sinodi ya Blantyre ya CCAP lero ili ndi abusa aakazi.

Ine mndandanda wa amayi amenewa umandikhutiritsa. Ndipo aliyense woona amene amayendera odwala, kugona pamaliro ndi kuphunzitsa ana m'madera muno akudziwa kuti amayi a Mvano ndi anzawo a m'mipingo ina akusenza kale ntchito ya ubusa.

Aroma 13 akuti tizimvera olamulira. Ndiye mpingo uzikhala chete pa ndale?

Paulo analembera Akhristu a ku Roma kuti asakhale oukira, alipire msonkho ndi kulemekeza boma. Koma ndime yomweyo ikufotokoza ntchito ya wolamulira: ndi mtumiki wa Mulungu wochitira anthu zabwino ndi kulanga ochita zoipa. Akayamba kulanga osalakwa, wasiya ntchito imene ulemuwo unaperekedwera. Anamwino a Chiheberi anakana lamulo la Farao lopha ana (Eksodo 1). Natani analoza Davide chala. Atumwi pa Machitidwe 5:29 anasankha kumvera Mulungu koposa akuluakulu. Paulo yemweyo, atamenyedwa popanda mlandu ku Filipi, anakana kutuluka m'ndende mwakachetechete mpaka oweruza atabwera okha kudzapepesa.

Ife sitifunika kupita kutali. A Mboni za Yehova anakana kugula makadi a chipani, analetsedwa mu 1967, ndipo zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, pamene Akhristu ambiri anangoyang'ana. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika, kuphatikizapo Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre, inawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse. Inanena za malipiro ochepa, sukulu ndi zipatala zoperewera, kumanga anthu popanda mlandu ndi mantha oletsa anthu kulankhula. Boma linati kalatayo ndi youkira, makina osindikizira a ku Balaka anatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Mu Meyi antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito, zipolowe zinafalikira mumzinda muno, ndipo anthu anaphedwa. Mipingo ina ndi Asilamu analowapo, bungwe la PAC linabadwa, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera matipate.

Akanati maepiskopi aja awerenge Aroma 13 mmene ena amafunira, kalatayo sikanalembedwa. Koma chenjezo lilipo mbali inayo: mbusa amene walandira envelopu ya wandale, n'kum'patsa guwa kuti achitirepo kampeni, wataya ufulu wodzam'dzudzula mawa.

Bambo athu anamwalira ali odulidwa mumpingo, ndipo mpingo unakana kuimba pamaliro. Kodi ndiye kuti anatayika?

Pepani ndi zimene munaona. Mpingo uli ndi ufulu wolanga, ndipo Mateyu 18 ndi 1 Akorinto 5 akufotokoza kachitidwe kake. Koma cholinga cha chilangocho n'kubweza munthu. Pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuuza mpingo kuti ukhululuke ndi kutonthoza wolangidwayo kuti chisoni chisam'mize. Munthu akamwalira, wolangidwa ndi maliro opanda nyimbo ndi mkazi wake ndi ana ake, amene sanalakwe.

Za kumene bambo anu ali, kaundula wa mpingo sagamula. Wachifwamba amene anapachikidwa pamodzi ndi Yesu (Luka 23:39-43) analibe khadi, sanabatizidwe, sanapereke kalikonse, ndipo analandira lonjezo pa ola lake lomaliza. Zimene zinachitika pakati pa bambo anu ndi Mulungu m'masiku awo otsiriza akuzidziwa ndi Mulungu, ndipo 1 Akorinto 4:5 ikutiletsa kuweruziratu nthawi isanakwane.

Kwa akulu a mpingo ndikupempha ichi: ngati malamulo anu salola mwambo wonse, musasowe pasiwa. Pitani opanda yunifolomu, khalani ndi ofedwa usiku, werengani Mawu, thandizani pa bokosi. Ndipo ngati chimene chinadulitsa munthuyo ndi kulephera zopereka basi, lamulo limenelo likambidwenso pa msonkhano wa akulu wotsatira.